Chumuni Chikakumana ndi Mtanda wa Denga

Pulogalamu ino ikupita kwa omvera onse a m'dera la mfumu Mwadzama ku Nkhotakota, kuyambira pa Benga ndi midzi yotsata msewu wa M5, kufikira kwa asodzi ndi owamba nsomba a cha ku Chia, ndiponso kwa onse amene mawu ano akuwapeza ali kukhitchini, pakhonde kapena kudimba. Pulogalamu ya lero ikukamba za chumuni, chimene ndi njira ya njerwa kapena ya chitsulo yotulutsira utsi kuchoka pamoto kukafika pamwamba pa denga, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi mmisiri achite chiyani pamene malo oti chumuni chidutsepo pali mtanda, phaso, waya wa magetsi kapena nthambi ya mtengo?

M'madera ozizira a dziko lino, monga ku Zomba, ku Dedza, ku Livingstonia ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, nyumba zambiri zakale zili ndi malo osonkhapo moto wowotha m'chipinda chochezera, ndipo chumuni cha nyumba zoterozo chinkakwera pamodzi ndi khoma, kalipentala n'kudzayala mitanda yake mochilambalala. Kuno kunyanja moto wowotha m'nyumba sufunika kwenikweni, choncho chumuni ndi nkhani ya kophikira: chitofu cha njerwa chophikira phala la ana pasukulu, uvuni wa mabanzi ndi masikono, malo ophikira tiyi ndi nsima pamsika, shedi yofutsira usipa, kapena khitchini ya pakhomo imene eni ake atopa ndi misozi ya utsi. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chumuni chimabwera mochedwa, denga litafoleredwa kalekale ndi munthu amene sankaganizako za utsi, ndiye chifukwa chake paipi ikangoyamba kukwera imapeza mtengo utaitsekera njira.

Nkhaniyi si ya anthu ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse m'Malawi amaphikira nkhuni, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti utsi wa m'nyumba umapha anthu mamiliyoni chaka chilichonse kudzera m'matenda a m'chifuwa ndi a mtima, pamene amene amaupuma kwambiri ndi amayi ophika ndi ana amene ali kumbuyo kwawo. Chitetezo mbaula, imene yafala m'midzi yambiri, imachepetsa nkhuni ndi utsi koma ilibe chumuni, motero utsi wotsalawo umakhalabe pamene pali wophikayo. Chitofu cha chumuni ndicho chimautulutsa, koma chimatero pokhapokha njira ya utsiyo itakonzedwa bwino.

Mfundo yaikulu ya lero, imene ibwerezedwa kuti amene watsegula wailesi mochedwa asaiphonye, ndi iyi: chitofu ndicho chimasunthidwa poyamba, paipi imakhotetsedwa pokhapokha chitofu chikakanika kusuntha, ndipo mtanda wonyamula denga sudulidwa. Pulogalamuyi iyamba ndi kulongosola chimene chimakweza utsi, kenaka ifika pa kakhotetsedwe ka paipi ndi mpata woyenera kusiya pakati pa paipi ndi mtengo, ndipo imaliza ndi zotchinga za kunja kwa denga.

Amene wamvetsa chimene chimakweza utsi safunika kuloweza malamulo ambiri. Mpweya ukatenthedwa umafufuma ndi kupepuka, moti umene wadzaza m'chumuni umakhala wopepuka kuposa wozizira wa panja, ndipo wozizirawo, pokhala wolemera, umalowa pakhomo pa chitofu n'kumakankhira wotenthawo m'mwamba. Izi zikamachitika bwino, amisiri amati chumuni chikukoka. Kukokako kumadalira zinthu ziwiri, kutalika kwa chumuni choimirira ndi kutentha kwa utsi umene uli m'kati mwake, ndipo mphamvu yake ndi yochepa modabwitsa, yosayandikira n'komwe mphamvu ya mwana amene akuuzira moto ndi pakamwa. Mphamvu yochepa chotere sichedwa kutha, ndipo chimene chimaidya kwambiri ndi pokhota.

Utsi ukafika pokhota umagunda khoma la paipi, umazungulirazungulira, umachedwa, ndipo pochedwapo umazizira n'kusiya mwaye. Mlimi wa mpunga amazidziwa izi pa ngalande yake, chifukwa mchenga ndi matope sizikhala pamene madzi akuthamanga mowongoka koma pamene ngalandeyo yakhota, ndipo akapanda kufukula, madzi amasefukira pomwepo. Paipi yogona chopingasa ndiye yoipa koposa, popeza siwonjezera kanthu pa kukoka, imangoziziritsa utsi ndi kusonkhanitsa mwaye. Nyengo ya mvula, nkhuni zikakhala zonyowa kapena zaziwisi, utsi wake umakhala ndi nthunzi yambiri, ndipo ukazizira umasiya phula lakuda lomata m'kati mwa paipi; phula limeneli limayaka, ndipo likagwira moto chumuni chimalira ngati mphepo yamkuntho, paipi n'kufiira, mtengo uliwonse woyandikira n'kukhala pangozi. Paipi ikatsekeka osayaka, vuto lake limabwera mwakachetechete, chifukwa utsi wobwerera m'nyumba umakhala ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe mtundu kapena fungo, umene umayambitsa mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo m'chipinda chotseka umapha.

Tsopano nkhani ikufika pa njira yoyamba, imene ndi yotchipa kuposa zonse ngakhale ambiri amaidumpha. Ntchito ya chumuni imayambira kudenga n'kutsikira pansi. Asanayale njerwa yoyamba ya chitofu, mmisiri akwere pa makwerero ndi chingwe chimene wamangirira mwala kunsonga, achigwirizitse ku lata pakatikati pa mapaso awiri, pamalo amene palibe mtanda kapena waya, n'kuchitsitsa mpaka mwalawo utatsala pang'ono kukhudza pansi. Mwalawo ukasiya kugwedera, pamene waloza ajambulepo ndi khala, chifukwa pamenepo ndi pamene padzakhale potulukira utsi pa chitofu. Kawirikawiri kusuntha kofunika n'kochepa, mwina utali wa njerwa imodzi kapena ziwiri, ndipo kusuntha kochepako kumapulumutsa ndalama ya zitsulo zokhota ndi ntchito yozitsuka zaka zonse zotsatira. Apa ndi bwino kuti amayi odzaphikapo akhalepo, chifukwa ndiwo akudziwa pamene amaima povundula kondowole kapena potsitsa mphika waukulu wa phala, ndipo chitofu choikidwa mokomera denga lokha chikawasowetsa pogwirira ntchito, sipapita mwezi asanabwerere pa mafuwa.

Chitofu chikakhala kuti chinamangidwa kale, mtima wa munthu umathamangira sowo. Koma mtanda umene wapingasa kuchoka pa khoma lina kufika pa linzake suli pamenepo chabe: umanyamula mapaso, ndiponso umagwira makoma awiriwo kuti kulemera kwa denga kusawakankhire kunja. M'madenga amene matabwa ake analumikizidwa m'makona atatu, thabwa lapansi limakhala likukokedwa nthawi zonse ngati chingwe, moti likadulidwa kapena kusemedwa kuti paipi ipeze malo, denga silingagwe tsiku lomwelo, koma limayamba kutsika pang'onopang'ono, malata n'kumasunga madzi, mpaka mphepo yamphamvu itadzamaliza ntchitoyo. Mtengo waung'ono wokhomerapo malata ukhoza kudulidwa, koma ndi kalipentala yekha, amene amayamba wakhoma matabwa ena mozungulira bowolo ngati felemu ya zenera kuti katundu wa mtengo wodulidwawo apite pa mitengo yoyandikana nawo. Waya wa magetsi wa m'nyumba ndiye wosavuta: wamagetsi azimitse magetsi, ausunthire kutali ndi paipi, chifukwa pulasitiki wokuta wayayo amasungunuka ndi kutentha.

(Kanyimbo kochepa)

Kwa amene angotsegula kumene wailesi, nkhani ya lero ndi ya chumuni chimene chakumana ndi mtanda wa denga, ndipo zanenedwa kale kuti chitofu ndicho chimasunthidwa poyamba ndipo mtanda sudulidwa. Gawo lino likukamba za nthawi imene chitofu sichingasunthe, paipi n'kuyenera kukhota.

Kulambalala mtanda kumafuna zitsulo ziwiri zokhota, zimene pano zitchedwa zigongono pofanizira ndi chigongono cha mkono. Choyamba chimapendeketsa paipi kuti ipite chammbali, chachiwiri chimaiwongolanso kuti iimirire, ndipo pakati pake pamakhala kachidutswa ka paipi kopendekeka. Malamulo a zomangamanga a ku England amanena kuti kupendekekako kusapitirire madigiri 45 kuchoka pa mzere woimirira, ndiponso kuti pokhota pasapitirire panayi m'chumuni chonse, pamene ku America machumuni achitsulo opangidwa kufakitale saloledwa kupendekeka kuposa madigiri 30. Amenewa si malamulo a boma la Malawi, koma utsi wa ku London ndi wa pa Benga umayenda mofanana, choncho nzeru yake ikugwira ntchito kunonso.

Madigiri savuta kuwapeza ngakhale popanda chida. Munthu akatenga pepala la mbali zinayi zofanana n'kulipinda kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, mzere wopindikawo ndiwo madigiri 45, ndipo tanthauzo lake pa ntchito ndi lakuti paipi ikamapita chammbali ikhale ikukweranso mofanana: dzanja limodzi chammbali, dzanja limodzi m'mwamba. Amenewo ndiwo malire, osati cholinga. Chabwino koposa ndi chakuti pa dzanja limodzi la chammbali paipi ikwere manja awiri, chifukwa kutero kukuyandikira madigiri 30, ndipo pa kupendekeka kotero mwaye wambiri umatsetsereka wokha m'malo mokhala. Kachidutswa kopendekekako kakhale kafupi momwe kungathekere, ndipo kukula kwa paipi kusachepe pokhotapo, popeza okhoma zidebe ena, pofuna kuti zigongono zilowane mosavuta, amazipanikiza mpaka njira ya utsi kutsala theka.

Pamene zigongonozo ziikidwe napo m'pofunika. Utsi ukangotuluka m'chitofu uyenera kukwera mowongoka kaye, mwina kupitirira theka la mita, kuti uyambe wapeza liwiro usanakumane ndi pokhota, ndipo paipi ikhale itawongokanso isanafike pa lata kuti idutse padenga ili chiimire. Zigongono zonse ziwiri zikhale poonekera, pamene munthu angafike ndi dzanja kapena ndi makwerero, osati zobisika pamwamba pa siling'i, chifukwa pamene pamatsekeka ndi pamene pamayamba kuboola dzimbiri ndi pomwepo, ndipo choipa chobisika m'denga chimadziwika moto utayamba kale. Pa chigongono chapansi kapena pafupi nacho pakhale kakhomo kotseka bwino kotsukirapo, kapena paipiyo ilumikizidwe mwakuti kachidutswa kopendekekako kangathe kuchotsedwa ndi kubwezeretsedwa. Mmisiri amene wawotcherera zonse kukhala chitsulo chimodzi wapanga ntchito yooneka yolimba, koma wasiyira mwini nyumba paipi imene sadzatha kuitsuka.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamalakwika kawirikawiri. Zidutswa za paipi zimalowana, china chopyapyala kunsonga kulowa m'chinzake, ndipo anthu ambiri amaika nsonga yolowayo kuyang'ana kumwamba poganiza kuti utsi usatulukire polumikizira. Pa chitofu cha nkhuni zimayenera kukhala mosiyana: chidutswa chapamwamba chilowe m'kati mwa chapansi, kuti phula ndi madzi otsika zitsikire m'kati mpaka pamoto, m'malo motulukira polumikizira n'kumayenderera kunja kwa paipi, kumene zimanunkha, zimadetsa khoma, ndipo zikhoza kuyaka. Utsi sutulukira pamenepo ngati chumuni chikukoka, chifukwa chumuni chokoka chimayamwa mpweya pa mpata uliwonse m'malo moutulutsa. Polumikizira paliponse pamangidwe ndi timisomali ta riveti titatu, ndipo kulemera kwa paipi ya pamwamba kusasiyidwe pa zigongono zokha, koma chitsulo chokhomedwa m'khoma la njerwa chigwire paipiyo pamwamba pa chigongono chachiwiri, apo ayi pakapita miyezi zigongono zimapotoka n'kuyasama.

Za chitsulo chake zinenedwe mwachidule. Lata lofolera nyumba lopindidwa kukhala paipi ndi lopyapyala, limapsa msanga pafupi ndi moto, ndipo utoto wake wa zinki ukatenthedwa kwambiri umatulutsa nthunzi yodwalitsa, motero chidutswa choyamba chochoka pa chitofu chikhale cha chitsulo chochindikala cha kwa owotcherera. Paipi ya pulasitiki ya madzi isayerekezedwe n'komwe.

Chumuni cha njerwa chimathanso kukhota, mwa kutulutsa mzere uliwonse wa njerwa pang'ono kuposa wapansi pake ndi kupaka m'kati mosalala, koma gawo lopendekekalo ndi lolemera ndipo limafuna chipilala chake chochokera pansi. Kulitsamiritsa pa mtanda ndi kulakwa kawiri, chifukwa mtandawo ukulemedwa ndiponso ukutenthedwa. Omvera akuluakulu akukumbukira chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989, ndipo ambiri anamva za cha ku Karonga cha mu Disembala 2009. Dera lonse la m'mphepete mwa nyanja lili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka nthawi zina, ndipo njerwa zosanjikidwa chopendekeka pamwamba pa mitu ya ophika ndizo zimayamba kugwa. Choncho pamene kukhota sikungapeweke, ndi bwino njerwa zilekezere m'munsi, chitsulo chopepuka n'kupitiriza ulendo.

Tsopano nkhani ya mpata, imene ndiyo imaonetsa kuti paipi isunthe motalika bwanji. Kulambalala mtanda sikutanthauza kungoupewa kuti paipi isaukhudze. Mtengo umene ukutenthedwa tsiku ndi tsiku umauma, umada pang'onopang'ono n'kusanduka ngati khala m'kati mwake, ndipo mtengo wotero umayaka ndi kutentha kochepa kuposa kumene kungayatse thabwa latsopano, ndiye chifukwa chake khitchini imene yagwira ntchito zaka zitatu popanda vuto ikhoza kupsa m'chaka chachinayi eni ake n'kumadabwa. Lamulo la ku England limati paipi wamba yachitsulo italikirane ndi mtengo katatu kukula kwake, ndipo pa paipi yotambalala masentimita 15 mpatawo ndi masentimita 45, umene ndi pafupifupi utali wa mkono wa munthu wamkulu kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Muyeso wa mkonowu ndi wosavuta kukumbukira: mmisiri aike chigongono chake pa paipi yozizira, ndipo ngati zala zake zikhudza mtanda, phaso, siling'i kapena udzu, paipiyo yayandikira kwambiri. Chumuni cha njerwa, pokhala chochindikala, chimafuna mpata wocheperako, wa zala ngati zitatu, koma mtengo usalowe m'njerwamo.

Mapaso a nyumba zambiri ndi oyandikana moti mpata wa mkono kumbali zonse supezeka, ndipo apa mpamene pamafunika chotchinga kutentha. Chotchingachi ndi lata loikidwa pakati pa paipi ndi mtengo, koma chinsinsi chake chili pa mpweya: latalo lisakhudze paipi, ndiponso lisakhomedwe mogundana ndi mtengo, koma litalikirane nawo ndi mpata wolowa chala, wotseguka pansi ndi pamwamba, kuti mpweya uziyenda kumbuyo kwake n'kumachotsa kutentha. Lata lokhomedwa mogwirana ndi thabwa silitchinga kanthu, chifukwa chitsulo chimangopereka kutentha konse ku thabwalo, n'kubisanso kuda kwake kuti anthu asaone. Chotchinga choikidwa bwino chimalola kuti mpata uja uchepe ndi theka. Njira ina ndi kuveka paipi ndi paipi inzake yaikulu pamene ikudutsa pafupi ndi mitengo, mpweya n'kumayenda pakati pa ziwirizo. Ntchito ikatha, dzanja ndilo limaweruza: ophika ataphika kwa maola angapo, munthu agwire mtanda woyandikira, ndipo ngati sangathe kusiyapo chikhatho chake, mpatawo ndi wochepa.

Denga la udzu ndi nkhani ina, ndipo pano chiweruzo chake n'chachidule: paipi yachitsulo isadutse mu udzu. Ngakhale ku England, kumene kuli nyumba zofolera ndi udzu ndi mabango, lamulo limafuna kuti mlomo wa chumuni ukwere pafupifupi mamita awiri pamwamba pa udzuwo chifukwa cha mbaliwali, tizidutswa ta moto touluka ndi utsi, ndipo aliyense amene anaonapo udzu wa mu Okutobala ukuyaka akudziwa kuti mbaliwali imodzi ndi yokwanira. Khitchini ya udzu imene ikufuna chumuni itulutsire paipi pakhoma, kapena eni ake ayambe afolera khitchiniyo ndi malata.

Kutulutsira pakhoma ndi njira imene imapewa mitanda yonse ya m'kati, koma ili ndi zovuta zake. Paipi idutse khoma la njerwa ikukwera chopendekeka, osati chogona, ndipo kunja ikumane ndi cholumikizira chooneka ngati chilembo T, chimene kamwa lake lapansi limatsekedwa ndi chivundikiro chochotseka kuti mwaye uzigwera pamenepo. Kuchoka apo paipi imaimirira motsata khoma itagwidwa ndi zitsulo, koma pamwamba imakumananso ndi chotchinga china, chimene ndi mbali ya denga yotulukira kunja kuteteza khoma ku mvula, choncho ndi bwino kusankha khoma la kumapeto kwa nyumba kumene denga silinatuluke kwambiri, kapena kutalikitsa zitsulozo kuti paipi idutse kunja kwa dengalo ndi mpata uja wa mkono. Kulakwa kofala kwambiri pa njira imeneyi ndi kulekezera paipi pansi pa denga la khonde: khoma limada bii, utsi umabwerera pazenera, ndipo moto umakhala ukunyambita mapaso tsiku lililonse. Paipi ya kunja imaziziranso msanga m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, moti imachedwa kuyamba kukoka ndipo imasonkhanitsa phula lambiri kuposa ya m'kati.

(Kanyimbo kochepa)

Gawo lomaliza likutuluka panja, kumene zotchinga zake sizikhudza paipi koma zimasokoneza mphepo. Anthu a kunyanja amaidziwa bwino mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera chakum'mawa kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndiponso ya mpoto imene imabwera ndi mvula. Mphepo ikadumpha msana wa denga, pamene malata a mbali ziwiri amakumana, kapena ikadumpha mtengo waukulu, imapindikira pansi kuseri kwake, ndipo chumuni chimene mlomo wake uli m'munsi mwa pamenepo chimalandira mphepoyo n'kubwezera utsi m'nyumba. Ichi ndicho chifukwa chake chitofu china chimakoka bwino chaka chonse n'kudzayamba kutsamwitsa anthu mwera ukangoyamba. Lamulo la ku America limati mlomo wa chumuni ukwere pafupifupi mita imodzi kuchoka pamene watulukira padenga, ndiponso upose ndi masentimita 60 kapena kupitirirapo chinthu chilichonse chimene chili pa mtunda wa mamita atatu. M'mawu osavuta, munthu ataima pa mlomo wa chumuni, pa mapazi atatu aakulu mbali iliyonse pasakhale chinthu chouposa. Paipi ikatalika kwambiri pamwamba pa denga imangidwe ndi mawaya atatu okokera mbali zitatu, kuti mwera usaigwedeze mpaka kung'amba lata.

Mango, amene ndi mthunzi ndi chakudya cha makomo ambiri a ku Nkhotakota, ndiwo amapezeka kawirikawiri pamwamba pa khitchini, ndipo kudula mtengo wonse sikofunika. Nthambi zolendewera pamwamba pa chumuni zokha ndizo zisadzidwe, chifukwa zimatsitsa mphepo ndi kugwetsera masamba ouma m'paipi. Sola yoikidwa padenga italikirane ndi chumuni, popeza mwaye ukaikuta mphamvu yake imatsika. Mawaya a ESCOM ndiwo chotchinga chimene mmisiri sayenera kulimbana nacho: paipi yachitsulo yaitali imene munthu waiimika ali pa malata ikangokhudza waya, kapena kungoyandikira mawaya a mphamvu yaikulu, munthuyo sapeza mpata wothawa. Ngati mawaya akudutsa pamwamba pa khitchini, chumuni chitulukire mbali ina ya nyumba, ndipo ngati kulibe mbali ina, a ESCOM afunsidwe ntchito isanayambe.

Bowo la padenga likufunanso chisamaliro, poti mvula ya kunyanja sinyengerera. Bowolo likhale lalikulupo kuposa paipi, ndipo litsekedwe ndi lata lina lopindidwa ngati khosi la botolo, limene mbali yake ya kumtunda imalowa pansi pa lata la pamwamba kapena pansi pa lata la pamsana wa denga, mbali ya kumunsi n'kukhala pamwamba pa malata, kuti madzi azilidumpha. Simenti yopaka mozungulira paipi imang'ambika msanga chifukwa chitsulo chimafufuma chikatentha ndi kubwerera chikazizira. Pamlomo pakhale kachipewa kotchinga mvula, kokwezedwa mokwanira kuti utsi utuluke momasuka mbali zonse.

Apa womvera aliyense amene ali ndi chumuni, kapena amene akuganiza zomanga, angachite bwino kukweza maso m'khitchini mwake n'kudzifunsa mafunso angapo. Kodi paipi yakhota kangati, ndipo kukhota konseko kunali kofunika? Kodi mtengo woyandikira paipi wayamba kuda kuposa inzake? Nanga pokhotapo panatsegulidwa liti komaliza? Makomiti a sukulu ndi a magulu owamba nsomba angathenso kukambirana mafunso omwewa pa msonkhano wawo wotsatira, pokumbukira dongosolo lija: chitofu chisunthe poyamba, paipi ikhote pokhapokha chitofu chakanika, ndipo mtanda usadulidwe.

Chumuni chatsopano chiyesedwe chisanayambe ntchito. Mmisiri ayatse mapepala ouma pang'ono m'chitofu kuti paipi ifunde, kenaka aikepo masamba aawisi otulutsa utsi wambiri, wina n'kuima panja kuona ngati utsi ukutuluka pamlomo mwamphamvu, wina n'kuyang'ana polumikizira paliponse ndi pa zigongono. Lawi la machesi loyandikizidwa pakhomo pa chitofu liyenera kuweramira m'kati. Likaima chilili kapena kuweramira kunja, chumuni sichikukoka, ndipo mwina chikufuna kutalikitsidwa kuti chibweze mphamvu imene zigongono zadya. Potsuka, nsungwi yowongoka siidutsa pokhota, choncho pamafunika chingwe chomangirira kathumba ka mchenga kapena unyolo, chotsitsidwa kuchokera pamwamba moto utazimiratu, mwaye n'kukawoleredwa pa kakhomo kaja. Paipi yokhota imafuna kutsukidwa kawirikawiri kuposa yowongoka, makamaka nyengo ya nkhuni zonyowa, ndipo chitofu cha pasukulu chimene chakhala osayatsidwa nthawi ya tchuthi chiyambe chasuzumiridwa, chifukwa mbalame ndi mavu zimakonda kumanga zisa pansi pa kachipewa ndi pa chigongono chapamwamba.